Mmisiri ndi Liŵiro la Makina: Kusanthula Chikalata cha Antiqua et Nova pa Ntchito ya Olemba Mapulogalamu

Pa 28 Januwale 2025, tsiku limene Mpingo umakumbukira Thomas Aquinas woyera, nthambi ziŵiri za ku Likulu la Mpingo ku Roma, ina yoona za Chiphunzitso cha Chikhulupiriro, ina yoona za Chikhalidwe ndi Maphunziro, zidatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova. Chikalatachi chili ndi ndime 117, ndipo atsogoleri a nthambizo, Akadinala Víctor Manuel Fernández ndi José Tolentino de Mendonça, ndiwo adatsogolera pochisaina. Nkhani yake ndi ya ubale wa pakati pa nzeru za munthu ndi nzeru zopangidwa ndi anthu, zimene dziko lonse likuzitcha AI. Patangopita masiku oŵerengeka, kuchiyambi kwa mwezi wa Febuluwale, katswiri wina wa makompyuta, Andrej Karpathy, amene adali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la OpenAI ndipo adatsogolerapo ntchito za AI ku kampani ya Tesla, adapatsa dzina loti vibe coding kagwiridwe kena ka ntchito. Adalongosola kuti munthu angathe kungouza makina m'chilankhulo cha masiku onse chimene akufuna, makinawo n'kulemba pulogalamu yonse, iye n'kuvomera zonse osaziŵerenga. Pakatuluka cholakwika, amangochibwezera ku makina omwewo kuti akonze. Dzinali lidafala kwambiri kotero kuti mu Novembala 2025 olemba dikishonale ya Collins adalisankha kukhala mau a chaka.

Zinthu ziŵirizi zidachokera ku malo otalikirana ndipo sizidaganizirane. Komabe nkwabwino kuziika pamodzi, pakuti chiphunzitso chimayesedwa pa ntchito yeniyeni ya anthu. M'nkhani ino tifuna kuona ngati zimene Antiqua et Nova ikunena pa za ntchito zingathe kuweruza mkangano umene uli pakati pa olemba mapulogalamu a kompyuta, pamene ena akuti chachikulu n'kutulutsa zinthu msanga, ena akuti mmisiri asapereke kwa anthu chinthu chimene mwini wake sakuchimvetsa. Maganizo athu ndi akuti chikalatachi chateteza bwino munthu wogwira ntchito, koma chanena zochepa za ubwino wa chinthu chopangidwacho, pomwe mwambo wa Mpingo uli ndi zambiri zonena pamenepo.

1. Ntchito imene tikukamba

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo olembedwa m'chilankhulo chimene kompyuta ingathe kutsata, ndipo malangizowo amisiri amaŵatcha code. Munthu wosaidziŵa ntchitoyi amaganiza kuti kuvuta kwake kuli pa kulemba mizere ya malangizoyo. Amisiri akale adaona kuti kuvuta kwenikweni kuli kwina. Frederick Brooks, amene adayang'anira ntchito yopanga makompyuta a System/360 ndi mapulogalamu ake ku kampani ya IBM, adalemba buku lotchedwa The Mythical Man-Month mu 1975, ndipo m'menemo adaonetsa kuti ntchito ya pulogalamu ikachedwa, kuonjezera anthu kumaichedwetsa koposa, chifukwa atsopanowo ayenera kuphunzitsidwa ndipo njira zomvana pakati pa antchito zimachuluka. Mu 1986 adalembanso nkhani yotchedwa No Silver Bullet, m'mene adabwereka kwa Aristotle kusiyanitsa kumene aseminale amakudziŵa bwino, kwa essentia ndi accidentia. Iye adati zovuta zina za ntchitoyi nzapamwamba chabe, monga kulimbana ndi chilankhulo chovuta kapena makina ochedwa, ndipo zida zatsopano zingathe kuzichepetsa. Zovuta zina zili pa phata penipeni: kudziŵa bwinobwino chimene pulogalamu iyenera kuchita, m'mene zigawo zake zimakhudzirana, ndi chimene chidzachitike zinthu zikadzasintha.

Katswiri wa ku Denmark, Peter Naur, adapita patsogolo pang'ono mu 1985. Iye adati chimene olemba mapulogalamu amamanga kwenikweni ndi chidziŵitso chokhala m'mitu mwao, ndiye kuti kumvetsa chifukwa chake chigawo chilichonse chidalembedwa m'mene chiliri ndi m'mene chimagwirizanirana ndi dziko limene chikutumikira. Gulu limene lili ndi chidziŵitsocho likabalalika, pulogalamu imatsala ikugwira ntchito, koma palibenso wotha kuisintha mwanzeru. Naur adati pulogalamu yotere yafa, ngakhale ikuyendabe.

Tikamva aŵiriŵa, funso la AI limaoneka bwino. Makina amakono amalemba mizere ya code mwamsanga kuposa munthu aliyense, ndipo pamenepo palibe wotsutsa. Chimene tiyenera kufunsa n'chakuti, makina akalemba ndipo munthu akavomera osaŵerenga, chidziŵitso chija chikukhala m'mutu mwa yani? Pulogalamu yotere ingathe kubadwa ili kale m'mene Naur adatchula kuti yafa, popeza palibe munthu amene adaimvetsapo chiyambire.

2. Zimene ziŵerengero zikuonetsa

Mbali zonse ziŵiri za mkanganowu zili ndi ziŵerengero zao. Mu 2022 kampani ya GitHub, imene ili m'manja mwa Microsoft kuyambira 2018, idayesa chida chake chotchedwa Copilot pa amisiri 95. Onse adapatsidwa ntchito imodzi yodziŵika bwino. Amene adagwiritsa ntchito chidacho adamaliza pafupifupi pa ola limodzi ndi mphindi 11, pomwe enawo adatenga maola 2 ndi mphindi 41. Kusiyanako nkwakukulu, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti woyesayo ndiye adalinso wogulitsa, ndiponso kuti ntchitoyo idali yaing'ono, yoyamba pa chabe, yopanda mbiri kumbuyo kwake.

Mu Julayi 2025 bungwe lofufuza la METR lidafalitsa zotsatira za kuyesa kwina. Lidatenga amisiri 16 ozoloŵera, n'kuŵapatsa ntchito 246 m'mapulogalamu akuluakulu amene iwo adakhala akuŵasamala kwa zaka. Asanayambe, amisiriwo adayembekeza kuti AI idzafupikitsa nthaŵi ndi 24 peresenti. Atamaliza, adakhulupirira kuti idafupikitsa ndi 20 peresenti. Koma wotchi idaonetsa kuti ntchito zimene adagwira ndi AI zidatenga nthaŵi yaitali ndi 19 peresenti kuposa zimene adagwira okha. Ofufuzawo adachenjeza okha kuti zotsatirazi nza zida za kuchiyambi kwa 2025 ndi za gulu laling'ono, ndipo zida zimasintha mwezi ndi mwezi. Motero sitinganene kuti AI imachedwetsa ntchito nthaŵi zonse.

Chimene chiyenera kuimitsa wophunzira zaumulungu ndi mpata umene udali pakati pa zimene amisiriwo adamva mumtima ndi zimene zidachitikadi. Anthu odziŵa ntchito yao, osanama, adamva ngati akuthamanga pomwe akuchedwa. Mizere yambiri ikamatuluka mofulumira pamaso pa munthu, mtima umakhuta, ndipo nthaŵi imene yatha poŵerenga, pokonza ndi potaya zosayenera siikumbukika. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Zofufuza ziŵirizi zimagwirizana ndi kusiyanitsa kwa Brooks: pamene kuvuta kudali pa kulemba chabe, makina adathandiza kwambiri, pamene kudali pa kumvetsa pulogalamu yakale yokhala ndi mbiri yake, phindu silidaoneke.

3. Pamene chikalatachi chalasa

Antiqua et Nova yaika maziko ake pa kusiyanitsa kwakale kwa ratio ndi intellectus, ndiye kuti kuganiza kotsata sitepe ndi sitepe ndi kuona choonadi mwa kamodzi ndi maso a mtima. Chikalatachi chimakumbutsa kuti nzeru za munthu nza munthu yense, wathupi ndi mzimu, wokhala pa ubale ndi anzake, wofunafuna choona, ndipo kuti AI imatsanzira zotuluka za nzeruzo popanda kuzikhala. Pa nkhani yathu mfundoyi ili ndi ntchito yooneka. Makina olemba code adaphunzitsidwa pa mizere yosaŵerengeka yolembedwa ndi anthu, ndipo amatulutsa chimene chikuoneka choyenera kutsatira. Kaŵirikaŵiri chimakhaladi choyenera. Koma makinawo sadzaitanidwa ku bwalo la milandu, sadzayang'ana nkhope ya wovulala, ndipo chikalatachi chikunena momveka kuti udindo wa chikumbumtima ndi wa munthu yekha.

Pa ndime 67, m'chigawo cha chuma ndi ntchito, chikalatachi chimachenjeza kuti ngakhale AI imalonjeza kupepuza ntchito, nthaŵi zambiri imakakamiza antchito kutsata liŵiro la makina, ndipo ingathe kuŵalanda luso lao, kuŵaika pansi pa ulonda wa makina ndi kuŵasiyira ntchito zobwerezabwereza. Apa chikuyenda m'mapazi a Papa John Paul II, amene m'kalata yake Laborem Exercens ya mu 1981 adasiyanitsa mbali ziŵiri za ntchito: zimene zimapangidwa pamodzi ndi zida zopangira, ndi munthu amene akugwira ntchitoyo. Iye adaphunzitsa kuti mbali yachiŵiriyi ndiyo yoyamba pa ulemu, ndiponso kuti makina, amene ali bwenzi la munthu, angathe kusanduka mdani akamchotsera chimwemwe cha ntchito, luso lopanga zatsopano ndi udindo. Papa Leo XIV, polankhula kwa Akadinala pa 10 Meyi 2025, adati adasankha dzinali pokumbukira Papa Leo XIII ndi kalata yake Rerum Novarum ya mu 1891, popeza AI yabweretsanso mafunso a ulemu wa munthu, chilungamo ndi ntchito.

Zonsezi zikukhudza wolemba mapulogalamu wa lero. Bwana akamva kuti chida chafupikitsa ntchito ndi theka, amafupikitsa masiku omalizira ntchito ndi theka. Mmisiri amene kale ankalemba ndi kumvetsa amasanduka wongoyang'anira mizere yochuluka imene sadalembe, ndipo nthaŵi yoiŵerenga mofatsa sapatsidwa. Ndime 67 idaona zimenezi molondola.

4. Pamene chikalatachi chapereŵera

Chikalatachi chimayenda m'zigawo zambiri za moyo: ubale wa anthu, chuma, zaumoyo, maphunziro, nkhani zabodza, chinsinsi cha munthu, chilengedwe, nkhondo, ndi ubale wathu ndi Mulungu. Pa ntchito, diso lake lili pa wantchito ndi zimene makina angamchite. Funso lina silidapatsidwe malo okwanira: kodi wantchitoyo ali ndi ngongole yotani kwa chinthu chimene akupanga, ndi kwa munthu wosamdziŵa amene adzachigwiritse ntchito? Mmisiri atapatsidwa malipiro abwino, ulemu wonse ndi nthaŵi yopuma, angathebe kupereka chinthu chofooka chimene sadachiŵerenge. Ulemu wake sudaphwanyidwe, koma wina adzavulala.

Nzodabwitsa pang'ono kuti chikalata chotuluka pa tsiku la Thomas Aquinas sichidatole mfundo imene iye adaiika poyera. M'buku lake Summa Theologiae, gawo loyamba la gawo lachiŵiri, funso 57, iye amasiyanitsa luso la umisiri ndi nzeru yoongolera khalidwe. Nzeru yoongolera khalidwe imayang'ana ubwino wa munthu wochitayo. Luso la umisiri limayang'ana ubwino wa chinthu chopangidwa. Mmisiri, monga mmisiri, satamandidwa chifukwa cha mtima umene adali nao pogwira ntchito, koma chifukwa cha m'mene ntchitoyo yatulukira. Pomwepo Thomas amaonjeza kuti luso palokha silikakamiza munthu kuligwiritsa ntchito bwino, ndipo chimene chimakoka mmisiri kuti agwire ntchito mokhulupirika ndi chilungamo. Motero ntchito yabwino ndi ngongole ya chilungamo kwa mnzathu. Wakalipentala wopereka mpando umene sadauyese ngati ungasenze munthu walakwira amene adzaukhalire, ngakhale adaupanga ndi mtima wachikondi.

Malembo Oyera amanena chimodzimodzi. M'buku la Eksodo, mutu 31, Mulungu amatchula Bezalele ndi dzina, namdzaza ndi mzimu wake kuti akhale ndi luso pa golide, siliva, mkuŵa, miyala ndi mitengo, nampatsa Oholiabu womthandiza. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limajambula wosula pafupi ndi moto ndi woumba mbiya pa ntchito yake, aliyense ataika mtima pa kumaliza bwino, ndipo limavomereza kuti popanda iwo mzinda sungamangidwe. Koposa zonse, lamulo la pa Deuteronomo 22:8 limalamula womanga nyumba yatsopano kuika kampanda padenga pake, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Kampandako sikaonjeza kukongola, kamachedwetsa kuloŵa m'nyumba, ndipo mwina palibe amene akadagwa. Chilamulo sichidasiye nkhaniyi m'manja mwa mwai. M'ntchito ya mapulogalamu, kuŵerenga code ndi kuiyesa pa zochitika zosayembekezeka ndiko kampanda kameneka, ndipo ndiko koyamba kuchotsedwa masiku akachepa.

5. Amene amagwa padenga

Kuti tisaoneke ngati tikukulitsa nkhani, titchule zochitika ziŵiri. Pakati pa 1985 ndi 1987, ku United States ndi ku Canada, makina ochiza khansa otchedwa Therac-25, opangidwa ndi Atomic Energy of Canada Limited, adaotcha odwala ndi mphamvu yopyola muyeso pa ngozi zodziŵika 6, ndipo osachepera atatu adafa nazo. Makina akale a mtunduwo adali ndi zotchinjiriza zachitsulo ndi zamagetsi zoletsa ngozi yotere. Pa Therac-25 opanga adazichotsa nakhulupirira pulogalamu yokha, imene mbali zake zina zidatengedwa ku makina akalewo. Nancy Leveson ndi Clark Turner, amene adafalitsa kafukufuku wao mu 1993, adalongosola kuti cholakwika china chinkatuluka pokhapokha woyendetsa makina akasintha malangizo mofulumira, m'masekondi 8 okha. Wantchito wozoloŵera, wa zala zachangu, ndiye ankadzutsa chilema chimene chidagona m'pulogalamu osaonedwa.

Chachiŵiri chidachitika ku Britain. Mu 1999 Post Office idayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yoŵerengera ndalama yotchedwa Horizon, ya kampani ya Fujitsu. Pulogalamuyi inkaonetsa kuti ndalama zasoŵa m'mapositi ena pomwe sizidasoŵe. Pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira mapositi oposa 900 adazengedwa milandu ya kuba kapena chinyengo. Ena adaloŵa m'ndende, ena adataya nyumba ndi mbiri yao, ena adadzipha. Gulu la anthu 555 lotsogozedwa ndi Alan Bates lidasuma, ndipo mu Disembala 2019 woweruza Peter Fraser adagamula kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika zotha kubweretsa kusoŵa kwabodzako. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofafaniza zigamulo zija.

Woŵerenga wosamala aona msanga kuti mapulogalamu aŵiriŵa adalembedwa ndi manja a anthu, AI yolemba code isanabwere. Zimenezi nzoona, ndipo zikutiphunzitsa kuti kulemba ndi manja sikudali koyera mwa iko kokha. Pa zochitika zonse ziŵiri, chimene chidasoŵa ndi munthu womvetsa pulogalamu mokwanira, wokhala ndi mphamvu ndi kulimba mtima koti anene kuti makina alakwa. Pa zonse ziŵiri akuluakulu adakhulupirira kompyuta kuposa mboni zamoyo. Tsono ngati zidatero pamene mzere uliwonse udali ndi munthu amene adaulemba, tiyembekeze zotani pamene mizere ichuluka kakhumi ndipo oiŵerenga achepa? Code yotuluka m'makina amakono imaoneka yaudongo ndi yolongosoka, ndipo udongowo umagonetsa woyang'anira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nafenso kuno sitili kutali ndi nkhaniyi, pakuti mayi wotumiza ndalama za fizi pa Airtel Money kapena pa Mpamba waika chuma chake pa mizere imene sadzaiona, yolembedwa ndi anthu amene sadzaŵadziŵa.

6. Mau kwa otamanda umisiri

Sikungakhale chilungamo kudzudzula mbali imodzi yokha. Pakati pa amene amateteza umisiri pali ena amene akuteteza ulemerero wao chabe. Mbiri ya ntchitoyi ikuŵatsutsa. Pamene John Backus ndi anzake ku IBM adatulutsa chilankhulo cha FORTRAN mu 1957, amisiri ambiri a nthaŵiyo, ozoloŵera kulemba malangizo a makina amodziamodzi, adakayika kuti pulogalamu yomasulira ingathe kulemba bwino ngati iwo. Patapita zaka zoŵerengeka kukayikako kudatha, ndipo ntchito idatsegukira anthu ochuluka. Palibe amene lero angati umisiri udafa mu 1957. Kusiyana kumene kulipo nkwakuti pulogalamu yomasulira imatsata malamulo okhazikika, kotero kuti ukaipatsa zofanana imabweza zofanana, pomwe AI ingathe kupereka mayankho osiyana pa pempho limodzi, ndipo ikalakwa imalakwa ndi nkhope yomweyo imene imakhala nayo ikalondola. Kusiyanaku kukutilamula kuŵerenga zimene yatulutsa, sikukutilamula kuitaya.

Tikumbukirenso kuti liŵiro nalo lingathe kukhala chikondi. Chipatala chaching'ono chosoŵa njira yosungira maina a odwala, sukulu yosatha kulipira katswiri, parishi yofuna kaundula wa ubatizo wosadyedwa ndi chiswe, zonsezi zingapindule ngati chinthu chimene kale chinkafuna miyezi chitheka m'masiku. Mmisiri wochedwetsa dala kuti ntchito ikongole m'maso mwake, pomwe amphaŵi akudikira, nayenso walakwira chilungamo. Benedict woyera adalidziŵa yesero limeneli. M'mutu 57 wa Malamulo ake amalola amisiri a m'nyumba ya amonke kugwira ntchito zao, koma amalamula kuti amene wayamba kudzitukumula chifukwa cha luso lake achotsedwe pa ntchitoyo mpaka atadzichepetsa. Amaletsanso chinyengo chilichonse pogulitsa, nalamula kuti mtengo ukhale wotsikirapo kuposa wa anthu akunja. Malamulo omwewo, m'mutu 31, amauza wosunga katundu kuti aziona zida zonse za m'nyumba ngati ziŵiya zopatulika za pa guwa. Kwa Benedict kusamala ndi kudzichepetsa zimayendera limodzi.

Karpathy mwini wake adanena kuti kagwiridwe kake kankayenera tinthu tongoseŵeretsa, topanga pa mapeto a sabata n'kutaya. Pa malire amenewo palibe tchimo. Choipa chimayamba pamene njira yopangira chidole itengedwa kukamangira mlatho.

7. Mmisiri wamaŵa adzachokera kuti?

Pali mfundo ina imene Antiqua et Nova idaikhudza pa za maphunziro, pochenjeza kuti wophunzira wodalira makina angathe kufooka pa kuganiza yekha, koma siidailumikize ndi za ntchito. Munthu wotha kuŵerenga code ya makina ndi kuona chilema chobisika adapeza diso limenelo polemba yekha kwa zaka, polakwitsa, ndi pofufuza cholakwa chake usiku wonse. Ntchito zazing'ono zimene wophunzira ankakulira nazo ndizo zimene AI imachita mosavuta. Kampani iliyonse payokha ikuona kuti nkwanzeru kusalemba ophunzira, popeza mmisiri mmodzi wamkulu ndi makina akukwanira. Koma makampani onse akatero, amisiri aakuluwo akadzakalamba sipadzakhala oloŵa m'malo mwao. Laborem Exercens, pa ndime 16 ndi 17, idasiyanitsa bwana wolemba ntchito mwachindunji ndi onse amene amaumba mikhalidwe ya ntchito ali patali, monga maboma, misika ndi mabungwe. Nkhani ya ophunzira ili m'manja mwa gulu lachiŵirili, ndipo singathetsedwe ndi chikumbumtima cha mmisiri mmodzi.

Aŵerengi a nkhani ino sakulemba mapulogalamu, koma yesero lomweli lafika pa tebulo lao. Chida chimene chimalemba code chimalembanso ulaliki ndi mayankho a mafunso a m'kalasi, ndipo chimalemba mwaudongo. Papa Francis, m'chikalata chake Evangelii Gaudium cha mu 2013, pa ndime 145, adapempha ansembe kupatula nthaŵi yaitali sabata iliyonse yokonzekera ulaliki, nanena kuti mlaliki wosakonzekera ndi wosakhulupirika pa mphatso zimene adalandira. Zimene Naur adanena za pulogalamu zikukwanira pa ulaliki: mau angathe kukhala olondola onse, koma ngati sadadutse m'mutu ndi mumtima mwa wolalikayo, mkhristu wina akadzamfunsa pakhomo la tchalitchi adzasoŵa choyankha.

8. Chigamulo

Antiqua et Nova ndi chikalata chofunika, ndipo aseminale achiŵerenge chonse. Chaika molimba kuti nzeru za makina si nzeru za munthu, kuti udindo sungasamutsidwire ku chida, ndi kuti wantchito asasanduke kapolo wa liŵiro. Chikadaonjeza chiphunzitso cha Thomas pa za luso ndi chilungamo, chikadatha kulankhula kwa mmisiri monga munthu wokhala ndi ngongole kwa ena, kuphatikiza pa kumteteza monga munthu amene angaponderezedwe.

Kuchokera m'mwambo womwewo tingathe kutola muyeso wothandiza wansembe amene mkhristu wa ntchitoyi angamfikire ndi chikumbumtima chovutika. Kusamala kuyenera kukula molingana ndi chimene chingaonongeke: kachinthu kongoyeserera kangapangidwe mwachangu, koma pulogalamu yokhudza moyo, ndalama, ufulu kapena mbiri ya munthu isaperekedwe popanda munthu amene waiŵerenga, waiyesa ndipo angathe kuifotokoza. Mmisiri anene zoona za chimene wayesa ndi chimene sadayese, pakuti kupereka ngati ntchito yotsimikizika chinthu chongovomerezedwa ndi maso ndi bodza, ngakhale pakamwa sipadatuluke mau. Ndipo bwana amene waika tsiku lomalizira losapatsa mpata woŵerenga ali ndi gawo lake pa mlandu, mwina lalikulu kuposa la wantchito wake.

Paulo woyera, polembera Akorinto kalata yoyamba, mutu 3, adadzifanizira ndi mmisiri womanga waluso amene adaika maziko, nachenjeza aliyense womanga pamwamba pake kuti asamale m'mene akumangira, popeza tsiku lidzafika pamene moto udzayesa ntchito ya munthu aliyense. Paulo ankanena za kumanga Mpingo, koma fanizolo adalitenga kwa amisiri enieni, amene ankadziŵa kuti udzu ndi mapesi zimamangika msanga kuposa miyala. Olemba mapulogalamu a nthaŵi yathu apatsidwa chida champhamvu kuposa zonse zimene ntchito yao idaonapo, ndipo nkoyenera kuti achigwiritse ntchito. Mpingo uŵathandize kusunga chizoloŵezi choŵerenga zimene asainira, ndiponso ulankhule kwa oŵalemba ntchito kuti aŵapatse nthaŵi yochitira zimenezo.